Kuika hard drive yakale mu NAS ina: m'mene ndinapulumutsira mafayilo anga

Amene mukufuna kuchotsa hard drive mu NAS (kabokosi kosungira mafayilo pa netiweki) yakale n'kukaiika mu NAS ina, dziwani chinthu chimodzi musanamasule chilichonse. Disikiyo ikagwira ntchito bwinobwino, koma zomwe zili m'katimo bokosi latsopanolo likhoza kuzifufuta zonse m'kanthawi kochepa, makamaka ngati mabokosi awiriwo ndi a makampani osiyana. Ine zinandigwera nyengo ya mvula yapitayi, ndipo mafayilo anga ndinawapulumutsa onse. Ndikufotokoza m'mene zinayendera chifukwa anzanga ojambula angapo kuno ku Zomba ayamba kugula mabokosi amenewa, ndipo kuthimathima kwa magetsi ndi mphenzi za kuno tonse tikuzidziwa.

Ndili ndi kasitudiyo kojambula zithunzi ndi mavidiyo m'tauni muno. Ntchito zanga zambiri ndi maukwati, zinkhoswe, ndi tsiku lija ophunzira a pa yunivesite ku Chirunga amavala mikanjo n'kulandira madigiri awo. Vidiyo ya ukwati umodzi imadya malo ambiri, ndiye zaka zingapo zapitazo ndinasiya kumwaza ntchito m'maflashi ndi m'madisiki oyenda nawo, n'kugula NAS. Kwa amene simunaionepo, ndi kabokosi kokhala ndi malo olowetsamo ma hard drive. Mumakalumikiza ku rauta ndi chingwe, ndipo makompyuta onse a pamalopo amasunga ndi kutenga mafayilo m'menemo. Bokosi langa linali la malo awiri, muli madisiki awiri a 4TB otcheredwa pa RAID 1. Pa RAID 1 chilichonse chimene wasunga chimalembedwa pa madisiki onse awiri nthawi imodzi, kotero ina ikafa inzake imakhala nazo zonse. Mafayilo anga onse pamodzi anali pafupifupi 2.7TB.

Mu Januwale kunagwa mvula ya mabingu usiku, ija imatsika kuphiri n'kudzaza Likangala nthawi yomweyo. M'mawa ndinapeza rauta yapsa, bokosi nalo lili zii, feni osazungulira, kanyali osayaka. Ndinayesa adaputala ina ya mphamvu yofanana, osadzuka ndithu. Pali mnyamata wina wophunzira zamakompyuta amene amandithandiza ntchito ikachuluka. Iyeyo anatsegula bokosilo n'kundionetsa pamene bodi inapserera, pafupi penipeni ndi polowera chingwe cha netiweki. Mphenzi inadzera m'chingwe chimenecho. Ambiri tikamva mabingu timathamangira kuzula pulagi ya magetsi, chingwe cha netiweki n'kuchisiya.

Msuweni wanga wa ku Johannesburg atamva, ananditumizira pa basi bokosi la kampani ya Synology la malo awiri, logwiritsidwapo kale ntchito, lopanda madisiki. Maganizo a munthu aliyense pamenepa amakhala akuti ndingosolola madisiki muno, ndilowetse umo, ntchito ipitirire. Mnyamata uja atangoliona bokosilo pa tebulo anati, "Achimwene, madisiki aja musawaike m'menemu. Ngakhale kungoyesa kuti muone, musayese. Tiyambe tatulutsa katundu."

Chifukwa chake n'chakuti NAS iliyonse ndi kakompyuta, ndipo zambiri mwa izo zimayendera Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows. Ikalandira disiki imaigawa zigawo mwa njira yakeyake. Chigawo china imaikamo pulogalamu yoyendetsa bokosilo, china chaching'ono imachisunga chothandizira memori, ndipo chachikulu chotsalacho ndiye cha mafayilo anu. Synology imalemba pulogalamu yake yotchedwa DSM pa disiki iliyonse yomwe ili m'bokosi. Kampani ina, QNAP, ili ndi yake yotchedwa QTS, ndipo kagawidwe kake ndi kena. Pansi pake makampani ambiri amagwiritsa ntchito zida zofanana za Linux, monga mdadm yomanga RAID ndi ext4 kapena Btrfs zosanjira mafayilo, koma bokosi la kampani ina silivomera kulandira disiki yosanjidwa ndi kampani inzake. Limaiona ngati yopanda kanthu, n'kukupemphani kuti muike pulogalamu. Pamenepo pamatuluka chenjezo la m'Chingerezi lonena kuti zonse za pa disiki zifufutidwa, ndi kabokosi kochonga kuti mwavomera. Machenjezo a pa kompyuta tinazolowera kungowadina osawerenga, koma ili limachitadi zomwe lanena. N'chimodzimodzi kufuna kumanganso nkhokwe chimanga chili momwemo, umayamba wachitulutsa kaye.

Zikanakhala kuti bokosi lakale ndi latsopano onse ndi a Synology, nkhani ikanakhala yaifupi. Mumathimitsa, n'kusamutsa madisiki onse pamodzi mu ndondomeko yomwe analili, woyamba pa malo oyamba, wachiwiri pa malo achiwiri. Mukalifufuza bokosilo ndi pulogalamu ya Synology Assistant limalemba kuti Migratable, ndipo mumasankha kusamuka mafayilo osakhudzidwa. Mukaona lalemba Not installed pa madisiki omwe mukudziwa kuti muli zinthu, imani pomwepo. Komanso mabokosi ena otchipa a kampaniyi sawerenga Btrfs, ndiye onani kaye pa tsamba lawo ngati mitundu iwiriyo imalolana. QNAP nayo ili ndi mndandanda wake wa mabokosi omwe amalandirana madisiki. Langa lakale linali la kampani ina, choncho njira yaifupiyi inali yotseka.

Tinayamba ndi kulemba manambala. Tisanasolole madisiki tinamata katepi pa iliyonse, 1 ndi 2, malinga ndi malo ake, n'kujambula pa foni chizindikiro cha pamwamba pomwe pali nambala ya mtundu ndi siriyo. Madisiki awiri a mtundu umodzi amafanana ngati mapasa, ndipo nthawi yofufuta ikafika nambala ya siriyo ndi yokhayo imene ingakuuzeni kuti mwagwira iti.

Kenako panafunika chowerengera. Madisiki a mu NAS ndi aakulu aja a mainchesi 3.5, ndipo amafuna magetsi a 12V kuti azungulire. Kachingwe ka USB kaja timalumikizira disiki ya mu laputopu sikangaidzutse, ingokhala phee inu n'kumaganiza kuti yafa. Pamafunika dock (kachipangizo kozikamo disiki, kolumikiza ku kompyuta ndi USB) yokhala ndi adaputala yakeyake ya magetsi, kapena kompyuta ya pa desiki yoti mulumikize disikiyo m'kati ndi chingwe cha SATA. Ife tinabwereka dock kwa mnzake wa mnyamata uja.

Mukailumikiza pa Windows simuona mafayilo, chifukwa Windows payokha siwerenga ext4 kapena Btrfs. Nthawi zina imafunsa kuti kodi muifomate disikiyi kuti igwire ntchito. Yankho ndi Cancel nthawi zonse. Ife tinaika Ubuntu, womwe ndi mtundu wa Linux, pa flashi ya 8GB, n'kuyatsira laputopu pa flashipo posankha Try Ubuntu, kutanthauza kuti Windows ya mu laputopumo sikhudzidwa. Tinalumikiza intaneti ya pa foni n'kuika timapulogalamu titatu, mdadm, lvm2 ndi smartmontools. Sitidya bandulo yambiri.

Apa ndipamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa ndi pamene ambiri amagwa. Anthu amakhulupirira kuti pa RAID 1 madisiki awiri amakhala ofanana nthawi zonse. Amakhala ofanana ngati onse anali kugwira ntchito mpaka tsiku lomaliza. Zimachitika kuti disiki ina inatayidwa ndi bokosi miyezi yapitayo chifukwa cha vuto, bokosi n'kumapitiriza ndi imodzi, mwiniwake osadziwa popeza mafayilo akutsegukabe. Ndiye tinalumikiza disiki iliyonse payokha, n'kulemba lsblk kuti tione zigawo zake, kenako mdadm --examine pa chigawo chachikulu chija. Pa zomwe zimatuluka muyang'ane mizere iwiri, Update Time ndi Events. Pa madisiki anga onse awiri tsiku linali la usiku wa mphenzi uja, ndipo nambala ya Events inali imodzimodzi. Mtima unakhala pansi.

Patapita milungu ingapo mnzanga wina wojambula wa ku Chinamwali anabwera ndi vuto longa lomweli, ndipo kwa iye zinasiyana. Disiki ina inali ndi tsiku la posachedwa, inzake inaima mu Sepitembala. Akanafufuta yoyambayo poganiza kuti zonse zilinso pa inzake, maukwati onse a mu Okutobala mpaka Disembala akanapita, ndipo amene mumajambula mukudziwa kuti miyezi imeneyo ndiyo ya ntchito.

Titatsimikiza, tinatsegula disiki 1 mongowerenga basi, osalola kuti palembedwe kanthu. Tinalemba mdadm --assemble --scan --run --readonly. Mawu akuti run amauza kompyuta kuti iyambitse RAID ngakhale disiki inzake palibe. Mabokosi ena amaika LVM, njira ina yogawira malo a pa disiki, pamwamba pa RAID, ndipo pamenepo mumawonjezera vgchange -ay kuti chigawo cha mafayilo chioneke. Kenako mount -o ro,noload. Kachidutswa ka noload n'kofunika pa ext4 ngati bokosi linathima mwadzidzidzi, chifukwa popanda iko kompyuta imafuna kukonza kaye zomwe zinatsala m'njira, ndipo kukonzako ndi kulemba. Mafoda anga anatuluka onse pa sikirini, mayina a maukwati ndi zaka zake, ngati palibe chomwe chachitika. Ngati malamulo awa ndi achilendo kwa inu, pezani munthu wodziwa Linux akhale nanu pambali. Ku Zomba kuno achinyamata odziwa zimenezi alipo ndithu.

Tsopano funso linali lakuti 2.7TB imeneyi tiithira kuti. Njira yabwino koposa ndi kukhala ndi disiki yachitatu yokwana zonse, kukopera momwemo, kenako n'kupereka madisiki akale onse awiri ku bokosi latsopano kuti liwafufute. Ndalama ya disiki ina ya 4TB ndinalibe mwezi umenewo. Ndiye tinagwiritsa ntchito kufanana kwa madisiki awiri aja. Disiki 2 ifufutidwe ilowe m'bokosi latsopano yokha, mafayilo akoperedwe kuchoka pa disiki 1 kupita m'bokosimo, ndipo zonse zikatsimikizika disiki 1 nayo ilowe ikhale inzake. Njirayi imatheka, koma ili ndi nthawi ziwiri zoopsa. Mukafufuta disiki 2, mafayilo amatsala pa disiki 1 yokha mpaka kukopera kuthe. Mukadzafufuta disiki 1, amatsala pa disiki 2 yokha mpaka bokosi limalize kufananitsa. Pa nthawi ziwirizi disiki ikangofa, mwataya zonse.

N'chifukwa chake ndinabwereka disiki yoyenda nayo ya 2TB kwa mlamu wanga, n'kuyamba ndathiramo zomwe sizingajambulidwenso. Kusankhako sikunali kovuta. Sabata yomweyo kunabwera mayi wina wa ku Matawale amene ndinajambula chinkhoswe cha mwana wawo zaka zapitazo. Anati, "Bambo, kodi vidiyo ija ilipobe? Bambo a kunyumba anatisiya chaka chatha, ndiye momwe muja ndi momwe muli mawu awo, paja analankhula nthawi yaitali." DVD yomwe ndinawapatsa inali itakalika. Ndinawauza kuti abwere sabata yotsatira. Zinthu ngati zimenezi ndi zomwe zinayamba kulowa pa disiki yobwereka: mavidiyo omalizidwa ndi zithunzi zoyambirira za makasitomala. Nyimbo, mapulogalamu ndi zidutswa zoyeserera ndinazisiya kuti ziyendere mwayi.

Musanaikhulupirire disiki yakale, ifunseni za umoyo wake. Disiki iliyonse imasunga kaundula wake wotchedwa SMART. Pa Ubuntu mumamuwerenga ndi smartctl, pa Windows pali pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo. Mizere imakhala yambiri, koma ine ndimayang'ana inayi. Nambala 9 ndi maola omwe disiki yakhala ikuyaka, ndipo chaka chathunthu ndi maola 8,760. Nambala 5 ndi malo owonongeka omwe disiki yawapatula kale, 197 ndi malo omwe ikukayikira, 198 ndi omwe yalephera kuwawerenga. Zanga zinali zitadutsa maola 26,000, ndiye kuti zaka zitatu zoyaka usana ndi usiku, koma pa 5, 197 ndi 198 panali 0. Tinayendetsanso kuyeza kwakutali kuja, smartctl -t long, komwe pa disiki ya 4TB kumatenga pafupifupi usiku wonse chifukwa imawerenga malo onse. Zonse ziwiri zinapambana. Disiki ya mnzanga wa ku Chinamwali ija inaima mu Sepitembala inali ndi manambala pa 197 ndi 198, ndipo sitinaiike m'bokosi lililonse. Kwa ine, disiki yoti 197 kapena 198 sali pa 0 siyoyenera kusunga ntchito ya kasitomala, ngakhale ikuoneka kuti ikuyenda.

Onaninso nambala ya mtundu pa chizindikiro chija. Pali madisiki a CMR ndi a SMR. A SMR amalemba mizere yosanjikizana kuti akwanitse zambiri pa malo ochepa, ndipo akapatsidwa ntchito yolemba kosalekeza, monga nthawi yomwe RAID ikufananitsa, amachedwa kwambiri mpaka mabokosi ena amawataya. Mu 2020 zinadziwika kuti madisiki ena a WD Red a pakati pa 2TB ndi 6TB, omwe nambala yawo imathera EFAX, ndi a SMR, pamene othera EFRX ndi a CMR. Kenako kampaniyo inapatula a CMR n'kuwatcha WD Red Plus. Seagate IronWolf ndi a CMR. Anga anali a CMR. Ngati bokosi lanu ndi latsopano kwambiri, yang'ananinso mndandanda wa madisiki omwe kampani imavomereza pa bokosi limenelo musanawononge ndalama.

Kufufuta disiki 2 tinachita tokha tisanailowetse, ngakhale bokosi limafufuta lokha, chifukwa zizindikiro za RAID yakale zikatsalira nthawi zina zimasokoneza. Pa Ubuntu ndi mdadm --zero-superblock pa zigawo zake, kenako wipefs -a pa disiki yonse. Pa Windows ndi diskpart ndi lamulo la clean. Tisanadine, disiki 1 inali itakulungidwa m'kabati, disiki yobwereka itazulidwa, ndipo mnyamata uja anawerenga mokweza nambala ya siriyo ya pa sikirini ine ndikuyang'ana pa foni. Malamulo amenewa safunsa kawiri.

M'bokosi latsopano tinaika DSM n'kupanga malo osungira pa SHR, njira ya Synology yomwe imalola kuyamba ndi disiki imodzi n'kudzawonjezera ina pambuyo. Musadabwe kuona disiki ya 4TB ikuoneka ngati 3.6TB. Opanga madisiki amawerenga ndi 1,000, kompyuta imawerenga ndi 1,024, palibe chomwe chasowa.

Kukopera ndi komwe kunafuna kudekha. Rauta yomwe ndinagula mwachangu m'malo mwa yopsa ija inali ndi mabowo a 100Mbps, omwe amayendetsa pafupifupi 11MB pa sekondi. Pa liwiro limenelo 1TB imodzi imatenga tsiku lathunthu, usana ndi usiku, ndipo magetsi a kuno sangakulonjezeni masiku atatu osaphethira. Tinapeza kabokosi kolumikizira zingwe za netiweki, switch yaing'ono ya gigabit, yomwe imafika cha m'ma 110MB pa sekondi, ndipo 1TB imatha m'maola osakwana atatu ngati mafayilo ndi aakulu ngati mavidiyo. Tizithunzi tambirimbiri timachedwetsa. Tinakopera ndi pulogalamu ya rsync, osati kukoka mafoda ndi mausi, chifukwa magetsi akathima rsync imadumpha zomwe yamaliza kale n'kupitiriza zotsala. Anathimadi pakati pa ntchito, ndipo atayaka tinangobwereza lamulo lomwe lija. Itamaliza tinaiyendetsanso ndi --checksum, yomwe imafananitsa zam'kati mwa fayilo iliyonse mbali zonse ziwiri. Zimatenga nthawi yaitali, koma popanda zimenezo sindikanalimba mtima kufufuta disiki 1. Ndinatsegulanso ndekha mavidiyo a zaka zosiyanasiyana, kuwathamangitsa mpaka kumapeto, kuphatikizapo wa mayi a ku Matawale aja, omwe ndinawathirira pa flashi tsiku lomwelo.

Disiki 1 sindinaithamangire. Inakhala m'kabati kwa kanthawi ndikugwira ntchito ndi bokosi latsopano, kuti ngati pali chosowa ndichione idakali ndi zonse. Tsiku loilowetsa ndinasankha la kunja koyera, kuphiri kopanda mtambo, bokosi lili pa UPS, batire lija limagwirizira magetsi akathima. Mu Storage Manager ya mu DSM mumasankha kuwonjezera disiki, chenjezo lija limabweranso, ndipo ulendo uno mumavomera mukudziwa. Disiki yowonjezerayo isachepe kuposa yomwe ili kale m'bokosi. Kufananitsa kunatenga pafupifupi tsiku lonse. Disiki ya mlamu wanga ndinabweza zonse zitatha, chizindikiro chitasanduka chobiriwira.

Njira ya disiki imodzi imodziyi ndi ya RAID 1 yokha, kapena SHR ya madisiki awiri. Pa RAID 0 mafayilo amadulidwa n'kumwazidwa pa madisiki onse, ndiye onse ayenera kulumikizidwa pamodzi kuti muwerenge kanthu, ndipo JBOD nayo imafuna onse. RAID 5 imapirira kusowa kwa disiki imodzi yokha. Ngati mafoda anu munawatseka ndi encryption, popanda pasiwedi kapena fayilo ya kiyi palibe amene angawatsegule, ngakhale disiki ili yamoyo. Mabokosi oyendera ZFS, monga TrueNAS, ali ndi njira yawo ina, mdadm sigwira pamenepo.

Palinso amene mumapatsidwa disiki yochokera mu NAS ya munthu wina kapena ya ku ofesi, kapena mukufuna kugulitsa yanu. Kufomata kwachangu sikufufuta zam'kati, kumangochotsa mndandanda, ndipo munthu wodziwa amazibweza. Ife ojambula timasunga nkhope za anthu, ana awo ndi zam'nyumba zawo. Disiki yotuluka m'manja mwanu ilembedwe maziro ponseponse, kapena mugwiritse ntchito Secure Erase, ngakhale zitenge usiku wonse.

Panopa bokosi lili pa UPS yolumikizidwa ndi chingwe cha USB, kotero magetsi akathima n'kuchedwa kubwera limadzitseka lokha mwadongosolo batire isanathe. Mabingu akayamba ndimazula pulagi pamodzi ndi chingwe cha netiweki. Ndinatcheranso DSM kuti iziyeza madisiki mwezi uliwonse n'kunditumizira uthenga disiki ikatayidwa, kuti za mnzanga zija zisandipeze. RAID 1 siteteza ku mphenzi, akuba kapena kufufuta mwangozi, choncho ndinagula disiki yoyenda nayo yomwe imagona kunyumba, ndipo ntchito iliyonse yomalizidwa imalowamo. Madisiki awiri akale aja anagulidwa tsiku limodzi ndipo ayenda maola ofanana, ndiye akhoza kudzatopanso nthawi imodzi. Ndikusonkha ndalama kuti ndisinthe imodzi chaka chino, inzake idzatsatire pambuyo. Ndikagula ya 8TB malo sawonjezeka msanga, bokosi lizionabe 4TB mpaka yachiwiri nayo idzakhale ya 8TB.